Khansa ya m'Chiŵindi: Zimene Akatswiri Akufufuza ndi Zimene Zili Kale Pakhomo

Mwezi wa Meyi ukafika m'midzi ya ku Nambuma, Kabudula ndi Nsaru, ntchito ya pakhomo imakhala imodzi. Mtedza wakumbidwa, wathotholedwa, ndipo madzulo banja lonse limakhala pamkeka kuswa. Pofuna kuti zala zisapweteke, ena amayamba awaza madzi pa makoko kuti afeŵe. Akatha kuswa amasankha. Wonenepa ndi wosalala umapita m'thumba la kumsika, pamene wofota, wosweka ndi wakuda umatsalira m'lichero. Wotsalawo sautaya ai. Ndiwo umene mai amakazinga ndi kusinja kuti apeze nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala la mwana. Palibe amene angamdzudzule maiyo, pakuti m'nyumba ya mlimi chakudya sichitayidwa. Komabe m'licheromo ndimo muyambira nkhani ya lero, ya nthenda imene imapha amuna ndi akazi a msinkhu wogwira khasu, ndiyo khansa ya m'chiŵindi.

Chiŵindi chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, ndipo cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Pafupifupi chilichonse chimene matumbo atenga kuchokera m'zakudya, m'zakumwa kapena m'mankhwala chimayamba chadzera m'chiŵindi chisanafike kwina kulikonse m'thupi. Chiŵindi ndicho chimapanga ndulu, chimasunga shuga wa maŵa, chimapanga zinthu zoundanitsa magazi munthu akadzicheka, ndiponso chimasukulutsa ululu wa zoipa zimene zaloŵa m'thupi. Chikavulala chimadzikonza chokha. Koma chili ndi khalidwe limodzi loopsa: sichidandaula. Munthu angathe kulima, kupalasa njinga ndi kubereka ana kwa zaka makumi aŵiri chiŵindi chake chikuonongeka, iye osamva kanthu. Pamene maso ayamba chikasu, mimba itupa ndi madzi, thupi liwonda ndipo kunsi kwa nthiti kuuma ngati mwala, nthenda imakhala itapita patali. Pamudzi amayamba kunong'onezana kuti mnzathuyu adamdyetsa. Banja limagulitsa mbuzi, limayenda kwa asing'anga, ndipo likamafika ku Kamuzu Central Hospital madokotala kaŵirikaŵiri amakhala atatsala ndi ntchito yongochepetsa ululu.

Khansa imeneyi siikonda kugwera chiŵindi cha bwinobwino. Imamera pa chiŵindi chimene chakhala chikuvulala ndi kupola, kuvulala ndi kupola, kwa zaka zambiri. Thupi lonse lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo maselo a m'chiŵindi akafa, otsala amagaŵikana kuti atseke mpatawo. Selo likamagaŵikana limakopera malangizo onse a chibadwa amene lili nao. Kukopera kukachuluka zolakwa zimachulukanso, monga achitira mwana wa sukulu amene wauzidwa kulemba tsamba limodzi kambirimbiri. Pamalo ovulalapo pamatsala zipsera, mpaka chiŵindi chonse chimauma ndi kuchita mabubu. Tsiku lina selo limodzi lokhala ndi zolakwa zambiri limaleka kumvera lamulo loti lisiye kugaŵikana, ndipo chotupa chimayamba pamenepo. Zovulaza chiŵindi motere zilipo zingapo. Moŵa wa tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu, aliyense akuudziŵa. Koma kuno kwathu adani aakulu ndi aŵiri, ndipo onse saoneka ndi maso.

Woyamba ndi kachirombo ka hepatitis B. Dokotala wa ku America, Baruch Blumberg, adapeza chizindikiro chake m'magazi m'zaka za m'ma 1960, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 1976. Kachiromboka kamayenda m'magazi ndi m'madzi ena a m'thupi. Kamachoka kwa mai kupita kwa khanda pobadwa, kamafala pakati pa ana aang'ono kudzera m'zilonda, kamayenda pa lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo, ndiponso pa kugonana. Chofunika kuchimvetsa ndi msinkhu umene munthu wakatengera. Wamkulu akakatenga, nthaŵi zambiri thupi lake limakagonjetsa, ndipo mwa anthu 100 amene kamaŵakhalira moyo wonse safika 5. Khanda likakatenga pobadwa zinthu zimatembenuka: mwa makanda 10, pafupifupi 9 amakhala nako mpaka kalekale. Mwana woteroyo amakula bwino, amakwatira, ndipo chiŵindi chake chingathe kudzagonja iye ali ndi zaka 30 kapena 40, ana ake akali pa sukulu.

Mdani wachiŵiri ndi chuku. Nkhani yake idadziŵika modabwitsa. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England, ndipo atafufuza adapeza kuti chakudya chao chidali ndi mtedza wochokera ku Brazil umene udachita chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus. Chiphe chimene chukucho chimatulutsa adachitcha aflatoxin. Chuku chimenechi chimakhala m'nthaka. Chimaloŵa mu mtedza mvula ikadula mbeu zisanakhwime, khasu likatema makoko pokumba, chiswe chikaboola, ndiponso makamaka mtedza ukasungidwa usanaumitsitse kapena ukanyowetsedwa poswa. Chimanga nachonso chimagwidwa, m'munda ndi m'nkhokwe momwe. Kukazinga sikuthetsa chiphecho, kuphika sikuchithetsa, ndipo ng'ombe ikadya gaga wachuku gawo lina limatulukira mu mkaka. Chikachuluka kwambiri chimapha msanga, monga zidachitikira kum'maŵa kwa Kenya mu 2004 pamene anthu 125 adafa atadya chimanga choipa. Koma chimene chimachitika m'nyumba zambiri ndi kudya pang'ono pang'ono, chaka ndi chaka.

Madokotala a ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene amuna ambiri a kuno adapita pa Wenela, adaona kalekale kuti anyamata ochokera kumwera kwa Mozambique ankafa ndi khansa ya m'chiŵindi kuposa anzao. Ofufuza atapita ku Inhambane adapeza chiphe cha chuku chochuluka m'zakudya za anthu. Mu 1991 akatswiri adaonetsa kuti m'zotupa za odwala a ku Mozambique ndi a ku Qidong, m'dziko la China, chiphecho chidasiya chipsera pamalo amodzimodzi, pa lamulo la chibadwa lotchedwa p53, limene ntchito yake ndi kuletsa selo loonongeka kuti lisachulukane. Ndipo pa kafukufuku wa amuna oposa 18,000 mu mzinda wa Shanghai padaoneka chinthu chimene mlimi aliyense ayenera kuchimva. Poyerekeza ndi munthu wopanda adani aŵiriŵa, chuku pachokha chidachulukitsa ngozi ya khansa pafupifupi katatu, kachirombo ka hepatitis B pakokha kasanu nkaŵiri, koma ziŵirizi zikakumana mwa munthu mmodzi ngoziyo idachuluka pafupifupi ka 60.

Akuluakulu a ku Nambuma akukumbukira masiku amene mtedza wa Chalimbana unkagulidwa ku ADMARC ndi kutumizidwa ku Ulaya. Malonda aja adaguga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chimodzi mwa zimene zidalepheretsa kuti adzukenso msanga chidali malamulo okhwima a maiko a ku Ulaya pa za chuku. Chiyambire 1982 akatswiri a bungwe la ICRISAT akhala akugwira ntchito ya mtedza ku Chitedze, m'boma la Lilongwe, ndipo nkhani ya chuku idalalikidwa kwambiri. Koma idalalikidwa ngati nkhani ya malonda, yoti mlimi asankhe bwino kuti wogula asakane. Mlimi adamva, nasankha. Choiŵalika chidali chakuti kusankhako kumakundika chiphe chonse mu mtedza wotsala, ndipo wotsalawo ndiwo umadyedwa pakhomo. Wogula wa ku London adatetezedwa, mwana wa mwini munda ai.

Funso limene akatswiri a sayansi akulimbana nalo tsopano ndi ili: ngati chiŵindi chavulala kale ndipo zipsera zilipo, kodi pali njira yoletsa kuti selo lija lisapanduke? Ena a iwo akuyembekezera yankho kuchokera ku tinthu ting'onoting'ono totchedwa microRNA.

Kuti timveke bwino tinthu timeneti, nkofunika kuyerekeza selo ndi mudzi. Pakati pa selo pali buku la malamulo onse a chibadwa, lotchedwa DNA, ndipo bukulo silituluka kwa mfumu. Pakafunika ntchito, lamulo limodzi limakoperedwa pa kalata, kalatayo nkupatsidwa kwa mthenga kuti apite nayo kwa amisiri amene amapanga mapuloteni, zipangizo zimene zimagwira ntchito zonse za m'thupi. Kalata imeneyo ndi RNA. Kwa nthaŵi yaitali akatswiri ankaganiza kuti kalata ikangotuluka kwa mfumu, ntchito yachitika. Mu 1993 Victor Ambros ndi anzake, pamodzi ndi gulu lina la Gary Ruvkun, onse a ku America, ankafufuza kanyongolotsi kotalika milimita imodzi yokha. Adapezamo kachidutswa ka RNA kafupi kwambiri, ka zilembo pafupifupi 22, kamene sikanyamula lamulo lopangira kanthu. Ntchito yake ndi kudikira panjira, kugwira kalata imene zilembo zake zikugwirizana ndi zake, ndi kuiletsa kufika kwa amisiri. Anthu ambiri adayesa kuti ndi chizoloŵezi cha kanyongolotsiko basi, ndipo kwa zaka zisanu nziŵiri nkhaniyo idangoti zii. Mu 2000 Ruvkun adapeza kachidutswa kachiŵiri, kotchedwa let-7, kamene kadapezekanso mu ntchentche, mu nsomba ndi mwa munthu. Lero zikudziŵika kuti thupi la munthu lili ndi mitundu yoposa 1,000 ya alonda otereŵa, ndipo mu 2024 Ambros ndi Ruvkun adalandira mphotho ya Nobel.

M'chiŵindi muli mlonda mmodzi wamkulu, wotchedwa miR-122. Iye yekha ndi woposa theka la microRNA yense wa m'chiŵindi cha munthu wamkulu, ndipo amathandiza selo la chiŵindi kukhalabe pa ntchito yake. M'zotupa zambiri za khansa mlonda ameneyu amapezeka atachepa. Mu 2012 magulu aŵiri a akatswiri, lina ku Ohio lina ku Taiwan, adaŵeta mbeŵa zoyesera zimene adazichotsera miR-122. Ziŵindi za mbeŵazo zidadzala mafuta, zidatupa, zidachita zipsera, ndipo potsiriza zidagwidwa khansa, motsata ndondomeko yomwe ija imene imaoneka mwa anthu. Atabwezera mlondayo, nthenda idachepa. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 2009, gulu lina la ku America lidaloŵetsa mlonda wina, miR-26a, m'mbeŵa zimene zidayamba kale khansa ya m'chiŵindi, ndipo zotupa zidaleka kukula pamene maselo abwino sadavulale. Ganizo lake nlosavuta kulinena: munthu wa chiŵindi cha zipsera angapatsidwe alonda amene akusoŵa, kapena kumangiridwa alonda amene achuluka molakwa, khansa isanayambe. Chiŵindi nchoyenera kuyesedwa kotere kuposa ziŵalo zina, popeza mankhwala ambiri oloŵa m'magazi amakasonkhana m'menemo.

Kunena nkosavuta, koma munthu si mbeŵa. Mlonda mmodzi sagwira kalata imodzi yokha. Angathe kugwira makalata mazanamazana, ena a iwo ofunika. Chitsanzo chake ndi miR-122 yemweyo. Mu 2005 akatswiri a ku Stanford adapeza kuti kachirombo kena ka m'chiŵindi, ka hepatitis C, kamamgwiritsa ntchito mlondayu kuti kachulukane. Padapangidwa mankhwala ommanga, otchedwa miravirsen, ndipo zotsatira za kuyesa kwa odwala 36 zimene zidafalitsidwa mu 2013 zidaonetsa kuti tizirombo tidachepadi m'magazi. Komabe kumanga mlonda amene amaletsa khansa, pofuna kupha kachirombo koyambitsa khansa, ndi nzeru yofuna kusamala kwambiri. Mankhwalawo sadapite patali, chifukwa m'zaka zomwezo padatuluka mapiritsi amene amachiza hepatitis C m'milungu 12. Kuyesa kwina kudatha moŵaŵa. Mankhwala otchedwa MRX34, otsanzira mlonda wotchedwa miR-34, adayamba kuyesedwa mu 2013 pa odwala khansa ya m'chiŵindi ndi khansa zina. Mu 2016 kuyesako kudaimitsidwa chifukwa chitetezo cha m'thupi cha odwala ena chidalusa kwambiri, ndipo anthu anai adamwalira. Kufikira lero palibe mankhwala a microRNA amene avomerezedwa kuti aletse kapena kuchiza khansa ya m'chiŵindi, ku Malaŵi kapena kwina kulikonse. Munthu wotsatsa botolo kapena mapiritsi pa foni nkumatchula mau ameneŵa akungofuna ndalama.

Mwina phindu loyamba lidzabwera pa kuyeza, osati pa kuchiza. Mu 2008 zidadziŵika kuti microRNA amapezeka m'magazi ndipo saonongeka msanga. Akatswiri akufufuza ngati kuchuluka kapena kuchepa kwa alonda ena m'magazi kungaulule chotupa chikali chaching'ono, pamene dokotala angathe kuchichotsa. Pakali pano njira yodalirika kwa munthu wa chiŵindi cha zipsera ndi kuunikidwa ndi makina a sikani miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kwa munthu wa ku Nambuma zimenezi zitanthauza ulendo, ndalama za galimoto ndi tsiku lotayika kumunda, kaŵiri pa chaka, iye osamva kupweteka kulikonse. Kuyeza kwa dontho la magazi kochitikira pa chipatala chaching'ono kukadasintha zambiri. Koma nakonso kukali m'nyumba zofufuzira.

Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zimene zatsimikizika kuti zimaletsa khansa imeneyi zilipo kale, ndipo zina zili pa mtunda woyenda pansi. Dziko la Taiwan lidayamba kutemera makanda katemera wa hepatitis B mu 1984, ndipo pofika 1997 madokotala akumeneko adaonetsa kuti khansa ya m'chiŵindi pakati pa ana idatsika ndi pafupifupi theka. Ku Malaŵi katemerayu adaloŵa mu 2002, ataphatikizidwa ndi ena m'jakisoni imodzi imene mwana amalandira kusikelo ali ndi milungu 6, 10 ndi 14. Kafukufuku wa ku Blantyre amene adafalitsidwa mu 2022 adapeza kachiromboka mwa akuluakulu 5 pa 100 alionse, pamene mwa ana obadwa katemera atayamba adakapeza mwa 3 okha pa 1,000 alionse. Mai amene amabereka mwana kumsana kupita naye kusikelo katatu konse akuchita chimene akatswiri a microRNA sadathebe kuchichita. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangizanso kuti khanda lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwire, ndi kuti mai woyembekezera ayezedwe, chifukwa mwana wotenga kachirombo pobadwa katemera wa pa milungu 6 amampeza mochedwa.

Otsala pangozi ndi amene adabadwa chisanafike chaka cha 2002, ndiwo makolo a ana a lero. Kwa iwo choyamba ndi kuyezetsa magazi, pakuti palibe njira ina yodziŵira. Wopezeka ndi kachirombo sikuti wapatsidwa chilango cha imfa. Mankhwala otchedwa tenofovir, amene Amalaŵi ambiri akuŵadziŵa kale chifukwa ali m'gulu la ma ARV, amafooketsanso kachirombo ka hepatitis B. Sakachotseratu, koma amakagoneka pansi, chiŵindi nkupeza mpata wopola, ngozi ya khansa nkutsika. Si aliyense wopezeka nako amene amafunika mankhwala nthaŵi yomweyo. Dokotala ndiye amaona. Mu 2024 bungwe la WHO lidafeŵetsa malamulo ake kuti anthu ochuluka aziyamba mankhwalawo popanda kudikira zoyeza zodula. Woyamba kumwa asalekeze yekha, chifukwa kachiromboko kakadzuka kamavulaza chiŵindi koposa kale. Ndipo munthu woteroyo moŵa ngwosayenera kuuyandikira nkomwe.

Za chuku nazo zili ndi umboni. Ku Qidong kuja anthu ankadalira chimanga chachuku. M'zaka za m'ma 1980 malamulo a malonda atasintha adayamba kudya mpunga, chiphe chidatsika kwambiri m'magazi ao, ndipo imfa za khansa ya m'chiŵindi zidatsika pakati pa anthu amene sadalandireko katemera. Ku Nambuma palibe amene angasiye nsima kapena nsinjiro, ndipo sikofunika kutero. Chofunika ndi kubzala ndi mvula yoyamba kuti mtedza ukhwime chinyezi chikalipo, kukumba pa nthaŵi yake mosamala khasu, ndi kuumitsa bwino. Alangizi amaphunzitsa kuunjika mtedza mozungulira, makoko ataloza m'kati ndi mpata wa mphepo pakati, njira imene imatchedwa Mandela cock. Mtedza wouma umalira ukagwedezedwa m'dzanja. Uyenera kusungidwa ndi makoko ake, pamalo okwera, thumba losakhudza pansi kapena khoma, ndi kuswedwa wouma popanda kuwaza madzi. Chimanga chiyanikidwe pa mkeka kapena pa lona, osati padothi.

Chovuta kwenikweni ndi lichero lija. Mtedza wongosweka poswa, koma woyera m'kati, ulibe mlandu ukadyedwa msanga. Wakuda, wofota, wobooka ndi woŵaŵa ndiwo uyenera kukwiriridwa, osapatsa mwana, osapatsanso ziŵeto. Kwa banja limene lakolola matumba atatu, kukwirira mbale ziŵiri za mtedza ndi nkhani yaikulu, ndipo malangizo onenedwa pa wailesi sadzaza mbalezo. Vutoli limakulanso pa sikelo ya venda. Pamene wogula alipira mtengo umodzi pa mtedza wouma ndi wonyowa, wosankha ndi wosasankha, mlimi wowaza madzi ndiye amapindula chifukwa thumba lake limalemera, ndipo mtedza wonyowawo umatsekeredwa m'matumba nkupita m'misika ya ku Lilongwe, kumene amaupera chiponde ndi nsinjiro zogulitsa m'timapepala.